DOTOLO ROBERT LAWS, MMISIRI WA PA KHONDOWE

Aphunzitsi ambiri a m'sukulu za misyoni anamvapo dzina la Dotolo Robert Laws, koma ambiri timkumbukira monga mbusa ndi sing'anga cabe. Tiiwala kuti asanakwere pa guwa, ndipo asanagwire mpeni wa udotolo, dzanja lace linazolowera nyundo ndi sowo, ndi kuti nchito yaikuru ya moyo wace inali sukulu m'mene mwana wa munthu wakuda anaphunzira za makina, za madzi ndi za magetsi pamodzi ndi za m'mabuku. Masiku ano, pamene aphunzitsi tirikufunsana ngati nkoyenera kuphunzitsa uinjiniya kwa ana ang'ono a m'makomboni, nkwabwino kuti tiyang'ane moyo wa munthu ameneyu, tione cimene anacita, ndi cimene anasiya cosatha.

UBWANA WACE

Robert Laws anabadwa pa 28 May 1851 ku Mannofield, m'mbali mwa mzinda wa Aberdeen ku Scotland. Atate wace anali mmisiri wopanga mipando ndi makabati, munthu wopembedza koma wosalemera. Popeza ndalama za sukulu zinali zosowa, mnyamatayo analowa nchito ya atate wace akali wamng'ono, naphunzira kuyesa, kuceka ndi kupala matabwa. Usana anali pa nchito, madzulo anali ku sukulu ya usiku. M'masiku omwewo anawerenga za maulendo a David Livingstone, ndipo mtima wace unakhumba kukagwira nchito pakati pa Amakololo amene Livingstone anawachula m'mabuku ace.

Ndi khama lotere analowa m'Yunivesiti ya Aberdeen, natsiriza maphunziro oyamba m'caka ca 1872. Pambuyo pace anaphunzira za ubusa ndi za mankhwala, nadzithandiza yekha pogwira nchito ya Mulungu m'zipatala za nthomba ndi za matenda ena opatsirana mu mzinda wa Glasgow. M'caka ca 1875 anapambana mayeso a udotolo, nadzozedwa ubusa mu Mpingo wa United Presbyterian. Motero pa zaka 24 zakubadwa anali kalipentala, dotolo ndi mbusa, ndipo sanaone konse kuti imodzi mwa nchito zitatuzi iri yonyozeka pamaso pa zinzace. Maganizo amenewa ndiwo muzu wa zonse anacita m'tsogolo mwace.

ULENDO WA ILALA

Livingstone anamwalira m'caka ca 1873 pa mudzi wa Chitambo m'dziko la Ilala, muno m'dziko lathu. Ataikidwa ku London m'caka cotsatira, Dotolo James Stewart wa ku Lovedale anapempha Mpingo wa Free Church kuti ukhazike misyoni pa Nyanja ya Nyasa ya kumkumbukira, ndipo anaicha Livingstonia. Mpingo wa Laws unambwereka ku nchitoyo zaka ziwiri zokha. Iye anakhala zaka 52.

Gulu loyamba linanyamuka mu May 1875, mtsogoleri wace E. D. Young, munthu wa nchito ya pa zombo. Tikayang'ana anthu a m'gululo tiona cinthu cozizwitsa: wodzozedwa ubusa anali Laws yekha, koma anzace anali amisiri, ndiwo kalipentala, osamala injini awiri, mlimi ndi mmalinyero. Ananyamula sitima yaing'ono ya citsulo, dzina lace Ilala, iri zidutswazidutswa. Pa mathiriro a Zambezi anailumikiza ndi mabauti, nakwera nayo Zambezi ndi Shire kufikira pa mathithi amene sitima siingathe kupitapo. Pamenepo anaimasulanso yonse. Mafumu a Amakololo anasonkhanitsa amtengatenga mazana ambiri, amene anasenza zitsulozo pamutu ulendo wa mailosi pafupifupi 60, m'njira ya miyala ndi dzuwa loocha, ndipo pofika kumtunda sipanasowe kanthu ngakhale kamodzi. Anaimanganso kaciwiri, ndipo pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'Nyanja, sitima yoyamba ya moto kuyenda pa nyanja zazikuru za pakati pa Afrika.

Mabuku a mbiri achula maina a Azungu a m'gululo, koma maina a osenzawo sanalembedwe. Komabe Laws anaona ndi maso ace kuti popanda iwo sitimayo ikadadyedwa ndi dzimbiri m'mbali mwa Shire, ndi kuti anthu okhulupirika pa katundu wotere angathenso kuphunzira kummanga ndi kumyendetsa.

CAPE MACLEAR NDI BANDAWE

Misyoni inayamba pa Cape Maclear. Kumeneko, m'caka ca 1876, Laws anacita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, cinthu cosaonekapo kale m'maiko ano. Caka comweco kunafika anyamata anai ophunzira a ku Lovedale, mmodzi wa iwo William Koyi, amene pambuyo pace anatsegula njira ya kwa Angoni a M'mbelwa. Stewart atabwerera kumwera, utsogoleri unagwera Laws. M'caka ca 1879 anakwatira Margaret Gray ku Blantyre, ndipo mai ameneyu anagwira nchito yophunzitsa atsikana zaka zambiri.

Malungo anapha anchito angapo pa Cape Maclear, ndipo m'caka ca 1881, caka cimene Albert Namalambe anabatizidwa woyamba, misyoni inasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga. Kumeneko sukulu zinaculuka msanga. Laws anamasulira Cipangano Catsopano m'Cinyanja, nalembanso buku la mau a Cingelezi ndi Cinyanja limene linaturuka m'caka ca 1894. Koma m'zaka zonsezi anasinkhasinkha cinthu cimodzi: Azungu afa ndi malungo, ndipo ngakhale asafe, sadzakwanira dziko lonse. Ngati dziko lidzaima pa lokha, liyenera kukhala ndi aphunzitsi ace, abusa ace, osamala odwala ace, ndiponso omanga ace ndi oyendetsa makina ace. Mbiri ya maganizo ace inamveka kutali, kotero kuti Mpingo wace unamtuma ku Calabar ku Nigeria kukaona za sukulu yotere, ndipo uphungu wace unathandiza kubala sukulu ya Hope Waddell m'caka ca 1895.

MSEU, MADZI NDI MAGETSI

M'caka ca 1894 Laws anasankha phiri la Khondowe, mapazi pafupifupi 3,000 pamwamba pa Nyanja, malo ozizira ndi a udzudzu wocepa. Sukulu imene anamanga pamenepo inachedwa Overtoun Institution, cifukwa ca Lord Overtoun, mwini cuma wa ku Scotland amene anapereka ndalama zambiri. Koma phiri lopanda malungo linali ndi mabvuto ace atatu: katundu akwera bwanji, madzi acokera kuti, ndipo makina adzayenda ndi mphamvu yanji?

Bvuto loyamba analithetsa ndi mseu. Kucokera ku gombe la Florence Bay, kumene lero tikucha Chitimba, anasema mseu m'mbali mwa phompho, wokhota uku ndi uku pafupifupi kasanu kanai, ndiko kuti makona 20. Nzeru yace iri apa: ngolo siingakwere phiri molunjika, koma ukatalikitsa njira, citunda cicepa mphamvu, ndipo ng'ombe zikhoza kukoka katundu wolemera. Mseu umenewo, wochedwa Gorodi, ulipo kufikira lero.

Bvuto laciwiri analithetsa ndi mapaipi a citsulo. Kasupe wabwino anali m'phiri lalitali koposa Khondowe, ndipo pakati panali cigwa. Anthu ambiri anayesa kuti madzi akatsikira m'cigwa sangakwerenso. Koma madzi otsekeredwa m'paipi afuna kubwerera pa msinkhu umene anacokera, ndipo kulemera kwa madzi a kumbuyo kukankha a kutsogolo. Mapaipi anadza pa sitima, nasenzedwa kukwera phiri, nalumikizidwa limodzi limodzi, ndipo m'caka ca 1904 madzi anaturuka pa mpopi pa Khondowe popanda injini yowapopa.

Bvuto lacitatu linali la mphamvu. Ali ku Scotland pa nthawi ya kupuma, Laws, munthu wa zaka pafupifupi 50, anakhalanso pa benci monga mwana wa sukulu kuphunzira za magetsi. Atabwerera anagwiritsa nchito madzi a mtsinje wa Manchewe: madzi akugwa azunguza gudumu, gudumu lizunguza makina obala magetsi, ndipo mawaya atenga mphamvuyo kunka nayo kumene ifunika. M'caka ca 1905 nyali za magetsi zinayaka pa Khondowe, ndipo mphamvu yomweyo inayendetsa makina oceka matabwa ndi ena a m'nyumba za nchito. Tikumbukire kuti m'caka comweco njanje inali itangofika kumene pa mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo mzinda wathu uno unali cabe poima sitima pakati pa chire.

Cofunika kwa ife aphunzitsi ndi ici: mseu, mapaipi ndi magetsi zinali sukulu pa zokha. Anyamata amene anakumba, kuyesa ndi kulumikiza anaona masamu a m'kalasi akusanduka madzi a kumwa. Pa Khondowe panali cigawo ca ukalipentala, ca kumanga ndi kusema miyala, ca kusula ndi kukonza makina, ca kusindikiza mabuku, ca ulimi, ca kusunga mabuku a ndalama, ndi ca kutumiza mau pa lamya, ndipo ophunzira umisiri analowa pangano la zaka zingapo monga anacitira Laws mwini ku Aberdeen. Pambali pa izi panali maphunziro a uphunzitsi, a ubusa ndi a cipatala. Wophunzira ali yense, ngakhale wofuna ubusa, anali ndi nthawi yace ya nchito ya manja.

BENCI LIMODZI

Tsono tione anthu amene anakwera phirilo. Kunadza Atonga a ku Bandawe, Angoni amene makolo ao anathira Atongawo nkhondo zaka zocepa zapitazo, Atumbuka, Ankhonde a ku Karonga, ndi Anamwanga a ku Mwenzo m'dziko lathu lino. Ena anali ana a mafumu. Ena anali ana opulumutsidwa m'manja mwa ogula akapolo, osadziwa ngakhale mudzi wao. Kumudzi anthu otere sakadadya m'mbale imodzi. Koma pa benci la kalipentala thabwa lokhota liri lokhota, angakhale walipala ndi mwana wa mfumu, ndipo khoma loongoka liri loongoka, angakhale walimanga ndi mwana wa kapolo. Cingwe ca mmisiri sicifunsa mtundu wa munthu kapena cuma ca atate wace. Ici ndico cifukwa cace maphunziro a umisiri ali ndi mphamvu ya kulinganiza anthu: nchito iweruzidwa ndi maso a onse, ndipo mwana amene lilime lace licedwa pa Cingelezi akhoza kupambana anzace poyera.

Panalinso kulinganiza kwina. M'masiku amenewo Azungu ambiri anafuna kuti munthu wakuda aphunzire nchito ya manja yokha, kuti akhale wanchito womvera. Laws sanalole kupatula manja ndi mutu. Wosula anaphunziranso Cingelezi, masamu ndi mbiri, ndipo woyembekeza uphunzitsi anagwiranso khasu ndi nyundo. Zipatso zace zinaoneka kutali. Levi Mumba anali mmodzi wa oyambitsa North Nyasa Native Association m'caka ca 1912. Clements Kadalie anayambitsa bungwe lalikuru la anchito, la I.C.U., ku Cape Town m'caka ca 1919. Donald Siwale anatsogolera Mwenzo Welfare Association. David Kaunda anatumidwa ku Chinsali m'zaka za 1904 ndi 1905, nayamba nchito imene inabala misyoni ya Lubwa, kumene mwana wace Kenneth anabadwira m'caka ca 1924.

ZIMENE ZINATSALA

Mbiri yoona siibisa zipsera, ndipo pa nkhani ya cilungamo nchito ya Laws inaperewera m'njira zinai.

Coyamba, atsikana anali ocepa, ndipo analandira maphunziro a kusoka, kucapa ndi kusamala nyumba. Akazi amene anasenza njerwa ndi madzi pa mutu sanaitanidwe kudzaphunzira m'mene paipi igwirira nchito.

Caciwiri, Laws anafulumira kuphunzitsa koma anacedwa kupereka udindo. Charles Domingo, amene anakulira m'manja mwa misyoni natsiriza maphunziro a ubusa, anadikira zaka osadzozedwa, kufikira anatopa nacoka. Abusa oyamba akuda, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiya Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'caka ca 1914, patapita zaka 39 cifikire misyoni.

Cacitatu, ndalama zimene zinathandiza Khondowe zinacokera ku fakitale ya mankhwala ya Lord Overtoun ku Shawfield, pafupi ndi Glasgow, kumene anchito anagwira maora 12 pa tsiku m'fumbi loononga khungu ndi mphuno. Keir Hardie anaulula zimenezi m'caka ca 1899. Makina angathe kumasula munthu mmodzi ndi kupsinja mnzace, ndipo wophunzitsa umisiri ayenera kuphunzitsanso cikumbumtima.

Cacinai, kumpoto kwa Nyasaland kunalibe mafakitale olemba amisiri onsewo. Ambiri anapita ku Southern Rhodesia, ku Joni, ku Katanga ndi ku migodi yathu ya mkuwa, ndipo midzi yao inapindula pang'ono. Kumeneko anapeza khomo lotseka. Ku migodi ya mkuwa bungwe la anchito Acizungu, loyambika m'caka ca 1936, linasungira Azungu okha nchito za umisiri wapamwamba, ndipo munthu wodziwa makina anatsala kalaliki kapena kapitao. Sukulu ingatsegule khomo lace, koma ngati dziko litseka lace, mwana aima pakati.

MASIKU OTSIRIZA

M'caka ca 1908 Laws anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa msonkhano waukuru wa United Free Church ku Scotland. Anakhalanso m'bwalo lopanga malamulo la Nyasaland, ndipo m'caka ca 1924, pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga Mpingo wa C.C.A.P., iye ndiye anali mtsogoleri woyamba wa Sinodi. Khumbo lace lotsiriza linali lakuti Khondowe likule kukhala yunivesiti. Koma mphepo inali itatembenuka. Bungwe la Phelps-Stokes, limene linayendera maiko ano m'caka ca 1924, linakonda maphunziro osavuta oyenerana ndi moyo wa kumudzi, ndipo ena mwa anzace a m'misyoni anaona kuti Khondowe lidya ndalama zambiri. Mkazi wace anamwalira m'caka ca 1921. Iye anacoka m'dziko m'caka ca 1927, namwalira ku London pa 6 August 1934, naikidwa kwao ku Aberdeen. Yunivesiti ya Livingstonia inatsegulidwa m'caka ca 2003, patapita zaka 69 cimwalirire iye.

KWA IFE A M'MAKOMBONI

Pamene dziko lathu linalandira ufulu m'caka ca 1964, anthu akuda otsiriza maphunziro a yunivesiti anali pafupifupi 100 okha. Sukulu ya umisiri ya Hodgson muno m'Lusaka inapatsidwa dzina la David Kaunda, mwana wa pa Khondowe uja, ndipo yaphunzitsa ambiri amene anakhala mainjiniya. Koma sukulu zotere zilandira ana ocepa opambana mayeso. Mwana wa ku Chazanga, ku George kapena ku Chawama, amene sanagwirepo cipangizo ciri conse m'sukulu ya pulaimale, adzadziwa bwanji kuti njira imeneyo iri yacenso? Akuru anati m'mera mpoyamba.

Mabvuto atatu a pa Khondowe ndiwo athu omwe. Miseu ya m'komboni ikumbika ndi mvula. Ana athu, makamaka atsikana, aima pa mzere wa madzi m'mawa asanadze ku sukulu. Madzi adzaza m'nyumba za ku Kanyama nyengo ya dzinja, ndipo kolera inacedwetsa kutsegula sukulu m'caka ca 2018 ndi m'caka ca 2024. M'caka ca 2024 comweco cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, ndipo magetsi anazima maora ambiri pa tsiku. Ana adziwa zonsezi koposa mwana wa ku mayadi, ndipo cidziwitso cimeneco ndi cuma cimene mphunzitsi angayambirepo.

Ciyambire 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, makalasi athu adzala, ndipo zipangizo ziri zocepa. Koma zoyambira sizifuna ndalama zambiri. Kapaipi koonekera mkati, kothiramo madzi, kaonetsa ana lamulo lomwe lija linakweza madzi pa Khondowe, ndipo ndi kapaipi komweko kalasi ingayese kutsetsereka kwa bwalo la sukulu ndi kupeza poyenera kukumba ngalande. Galimoto ya mawaya, imene anyamata apanga okha, iri ndi phunziro la gudumu, la ciwongolero ndi la muyeso. Mabotolo, mcenga ndi makala ziphunzitsa kusefa madzi, ngakhale tiyenera kuwauza ana kuti madzi osefa afunikabe kuwiritsa kapena kuthira klorini. Akalipentala ndi oocherera zitsulo a m'mbali mwa miseu ya ku Kalingalinga ndi ku Garden ndiwo makolo a ana athu. Tiwaitane m'kalasi, kuti mwana aone nchito ya atate wace ikulemekezedwa pamaso pa anzace. Ndipo kumene kuli kalabu ya JETS, isakhale ya ana asanu okha ocenjera pa mayeso.

Pocita izi tikonze zimene Laws anasiya. Mtsikana agwire nyundo ndi tepi yoyesera, asangokhala wolemba maina kapena wosesa pambuyo. Mwana wolumala miyendo apatsidwe kujambula ndi kuwerengera, ndipo gulu lonse liganize pamodzi m'mene khomo la kalasi lingakonzedwere kuti njinga yace ilowe. Mwana wosamva bwino aone ndi maso ndi kugwira ndi manja cimene ena amva ndi makutu. Wocedwa pa Cingelezi aloledwe kufotokoza m'Cinyanja cimene wapanga. Ndipo mwana akadziwa nchito, timpatse udindo wotsogolera anzace msanga, tisamdikiritse monga anadikirira Domingo.

Laws anamanga sukulu imodzi pamwamba pa phiri, ndipo ana anayenda masiku ambiri kuti aifike. Ife tiri ndi sukulu m'komboni iri yonse, ndipo ana ali kale pakhomo. Pa msonkhano wathu wa cigawo cikudzaci, mphunzitsi ali yense adze ndi cinthu cimodzi cimene ana ace apanga ndi manja ao, ndipo adzatiuze kuti atsikana anali angati mwa ocipangawo.